Kodi banja lalikulu ligule chiwaya kapena poto wa pa gasi?

Mayi wina wa ku Zomba wandilembera pa imelo kuti pakhomo pawo anthu afika khumi, ndipo felempani yomwe amakazingiramo tchipisi, mandasi ndi chambo yawachepera, moti oyamba kulandira amamaliza kudya ena asanalawe n'komwe. Akufunsa ngati n'kwanzeru kugula chokazingira chachikulu choika panja, komanso ngati chiwaya cha pa nkhuni chimaposa poto wakuya wa pa gasi.

Amayi, gulani ndithu, koma muyambe mwawerengera mafuta musanafunse mtengo wa chitsulo. Chitsulo mudzagula kamodzi, pomwe mafuta mudzagula mwezi ndi mwezi. Poto wa malita 20 amafuna mafuta pafupifupi malita 8 kuti chakudya chimire bwino, ndipo simuyenera kuthira opitirira theka la potoyo chifukwa mafuta amafufuma mukaponyamo mbatata. Kwa anthu khumi ndimaona kuti poto wa malita 10 kapena 12 ndi wokwanira. Wamkulu kuposa pamenepo adzakukakamizani kusunga mafuta ambiri kwa nthawi yaitali ndi kuwabwereza mpaka atada, ndipo mafuta otere, omwe amachita thovu ndi kutulutsa utsi msanga, sayenera kulowa m'mimba mwa ana anu.

Chiwaya ndimachilemekeza. Aliyense amene adaimapo pa Lizulu kapena pa msika wa Dedza, n'kuona mnyamata akuvuula tchipisi pakati pa chiwaya n'kuzikankhira m'mbali kuti mafuta atsetserekere m'dzenje muja, amadziwa kuti chidapangidwa mwanzeru. Sichidya mafuta ambiri, ndipo m'mbali mwake chakudya chimakhalabe chotentha. Vuto lake ndi moto. Nkhuni zikayaka mwamphamvu simungazichepetse pompopompo, ndipo lawi limatha kunyambita m'mphepete mwa mafuta. Ogulitsa amakwanitsa chifukwa amakhala pamenepo tsiku lonse, koma mayi amene akuyang'aniranso ana ndi nsima sangatero. Mukasankha chiwayacho, uzani wowotcherera kuti agwiritse ntchito chitsulo chochindikala chosapakidwa kanthu, osati malata ofolerera nyumba kapena mgolo umene udasungapo mankhwala kapena oilo.

Ine ndingasankhe gasi, chifukwa kukazinga kwabwino kumadalira kutentha kosasinthasintha. Mafuta amayenera kukhala pa madigiri 170 mpaka 185. Akazizira kuposa pamenepo, mandasi amamwa mafuta n'kulemera, ndipo akatentha kwambiri amapsa kunja m'kati muli mwauwisi. Kachipangizo koyezera kutentha kokoleka pa poto kadzakuthandizani kwambiri, ndipo ngati mulibe, ponyanimo kachidutswa ka ufa wokandakanda: kakayandama m'kanthawi kochepa kakuwirawira, osada msanga, ndiye kuti mafuta apsa bwino. Tchipisi muzizikazinga kawiri, koyamba pa madigiri 150 mpaka zifewe, kenaka pa 185 kuti zikhale zokhukhuta, ndipo musamadzaze poto ngakhale ndi wamkulu, pakuti mbatata zambiri zimaziziritsa mafuta.

Chimene ndikukupemphani kwambiri ndi chokhudza madzi. Lita imodzi ya madzi ikasanduka nthunzi imakula pafupifupi ka 1,700, ndipo n'chifukwa chake nkhuku yosasungunuka bwino kapena mbatata yonyowa imaphulitsa mafuta. Pukutani chilichonse ndi nsalu yoyera chisanalowe mu poto. Mafuta akagwira moto musathirepo madzi ngakhale pang'ono, koma tsekani gasi ndi kuvundikira ndi chivundikiro chachitsulo, chomwe chiyenera kukhala pafupi nanu nthawi zonse. Chitofucho chiime pa simenti kapena pa dothi losalala, patali ndi denga la udzu, mpanda wa tsekera ndi pomwe ana amasewera, ndipo silinda ya gasi ikhale patali monga momwe paipi yake ingafikire.

Mukamaliza, siyani mafuta azizire mpaka m'mawa pamalo pomwe mwana kapena galu sangafike, kenaka muwasefe ndi nsalu n'kuwasunga m'chigubu chotseka pamalo a mdima. Amene mwakazingira chambo muwasunge paokha, chifukwa fungo la nsomba limalowerera m'mandasi.