Galu wanga akukwera koma akazi sakutenga bere: kodi ndi gojo?

Bambo wina wa ku Linthipe wandilembera pa imelo. Ali ndi galu wamphongo wa mtundu wa German Shepherd, wakwera agalu aakazi awiri koma onse sanatenge bere, ndipo eni ake akufuna ndalama zawo. Akufunsa ngati pali njira yoyezera kuti galuyo amabereka, kapena angomugulitsa.

Bambo, musamugulitse kaye. Njira ilipo, ndipo chachikulu chimene imafuna ndi maikulosikopu (makina okulitsa tinthu tosaoneka ndi maso) ndi dokotala wa ziweto wodziwa ntchito yake.

Dokotala amatenga umuna ndi dzanja, makamaka pakakhala galu wamkazi amene ali pa nyengo pafupi. Umatuluka m'magawo atatu. Loyamba ndi timadzi tochepa, lachiwiri ndi loyera ngati mkaka ndipo mbewu zili m'menemo, lachitatu ndi madzi ambiri oyera mbee. Asanaone n'komwe pa makina, mtundu umanena zambiri: chikasu ndiye kuti mwalowa mkodzo, kufiira ndi magazi.

Kenako amadontheza kadontho pa kagalasi n'kuyang'ana, choyamba kayendedwe ka mbewu. Mwa galu wabwino mumaona timbewu tambirimbiri tikuthamanga molunjika kutsogolo, tikupukusa michira. Pa 100 tiliponse, toposa 70 tiyenera kuyenda chonchi. Tongozungulira pamalo amodzi sitiwerengedwa. Apa ndipomwe ife a ku Dedza tiyenera kusamala. Mbewu zimafooka zikazizidwa, n'chifukwa chake kagalasi kamafunditsidwa kufika madigiri 37. Kuyezera pa galasi lozizira m'mawa wa mu Juni kuno, galu wabwinobwino angaoneke ngati wotheratu. Musatengenso umuna nokha m'kabotolo n'kukwera nawo minibasi. Pitani ndi galuyo.

Chachiwiri ndi maonekedwe. Amapaka utoto wa eosin-nigrosin n'kuwerenga mbewu 100 imodziimodzi, kuona za mitu iwiri, za michira yopindika kapena yoduka. Zabwino zizifika pafupifupi 80. Chachitatu ndi kuchuluka, kumene amawerenga pa kagalasi ka timizere kotchedwa haemocytometer. Galu wamkulu ngati wanuyu amatulutsa mbewu mamiliyoni mazanamazana nthawi imodzi.

Zotsatira zikaipa, kuyeza kamodzi si chigamulo. Mbewu zatsopano zimatenga masiku pafupifupi 62 kuti zipangike. Ngati galu anadwala matenda a nkhupakupa n'kutentha thupi mwezi watha, umuna wake ukhala woipa lero koma n'kudzachira. Bwererani pakatha miyezi iwiri.

Koma ine ndikukayikira kwambiri za tsiku lokweretsa. Ambiri amathamangitsa galu wamkazi kwa mphongo akangoona magazi, kapena amangowerenga masiku, pomwe galu aliyense amatulutsa mazira pa nthawi yakeyake. Dokotala angathe kudziwa tsiku loyenera poyang'ana timadzi ta kumaliseche pa maikulosikopu yomweyo, kapena poyeza homoni ya ubereki yotchedwa progesterone m'magazi. Kukwera kawiri pa tsiku lolakwika sikutsimikiza kanthu za galu wanu.

Mupemphenso kuti amuyeze Brucella canis, matenda amene amawononga machende ndi kutayitsa bere, ndipo angathe kupatsira munthu. Aonenso ngati kunsi kulibe chotupa chotuluka magazi, chija agalu amapatsirana pokwerana.

Yambirani kwa mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu. Ku Lilongwe kuli Central Veterinary Laboratory komanso sukulu ya madokotala a ziweto ya LUANAR ku Bunda. Imbani foni kaye, mufunse ngati angakuyezereni ndi tsiku loti mubwere naye galuyo.