Umenewo si mpunga achimwene, ndi tizigoba ta m'nyanja

Achimwene mwafunsa ngati tinthu tonga mpunga tomwe tadzadza pamwala wa khoma lija ku Kansas, m'dziko la America, ndi mbewu zomwe zinauma nkusanduka mwala. Ayi ndithu, si mbewu. Ndi tizigoba ta tizamoyo ta m'nyanja ta gulu la foraminifera, kanthu ka selo imodzi yokha basi koma kamadzimangira chigoba cha laimu chokhala ndi tizipinda tambirimbiri. Totalika ngati tanuto timatchedwa ma fusulinid, ndipo tonse tinatha psiti kumapeto kwa nyengo ya Permian, zaka pafupifupi 252 miliyoni zapitazo. Abale ake ena alipobe m'nyanja mpaka lero koma ma fusulinid ayi. Kale tisanathe choncho, kumayambiriro kwa Permian, Kansas inali pansi pa nyanja yosaya kwenikweni, ndiye musadabwe kuti miyala yomangira ya kumeneko, monga Cottonwood Limestone, yangodzadza nato.

Tsono pa dzina lenileni mpomwe pali nkhani. Ambiri akangoona amathamangira kunena kuti Fusulina chifukwa ndi dzina lotchuka, analitchula katswiri wina, Fischer de Waldheim, kuchokera ku miyala ya ku Russia. Koma ine ndikaona kuti mwalawo ndi wa ku Kansas ndimaganizira kwambiri Triticites, amene katswiri wina Girty anamupatsa dzina mu 1904, kapena m'bale wake Schwagerina. Awiriwa ali m'banja la Schwagerinidae pomwe Fusulina ali ku Fusulinidae ndipo ndi wamkuluko pa zaka.

Vuto ndi loti kunja onse amafanana, wonenepa pakati wosongoka nsonga zonse ziwiri, ndiye pa foto ya foni palibe amene angalumbire, ngakhale pulofesa amene. Akatswiri amachita kudula mwalawo nkuupala mpaka kuwala kuzidutsa, kenako pa maikulosikopu. Mkatimo chigobacho chinapindidwa ngati mphasa yokulunga, chimayambira pa kachipinda kamodzi kozungulira pakati penipeni kotchedwa proloculus nkumazungulira kumawonjezera tizipinda totalika kuchoka nsonga ina kufika nsonga ina. Makoma ogawa tizipindato ndi ma septa, ndipo amayang'ana kuti akhwinyata bwanji. Kwa Triticites makwinya amachuluka kunsonga, pakati ndi ochepa, komanso pali kanjira kodutsa pakati kokhala ndi timizere tokhuthala mbali zonse ziwiri totchedwa chomata, tooneka bwino zedi. Kwa Schwagerina makwinya amafika paliponse ndipo ma chomata ndi ofooka kapena kulibiretu.

Koma chomwe chimalekanitsa mabanja awiri aja ndi khoma lakunja. La Triticites ndi lokhuthala lokhala ndi timabowo tambiri tondondozana, amati keriotheca. La Fusulina lili ndi magawo anayi opyapyala, limodzi lowala lomwe amati diaphanotheca, timabowo takuluto mulibe. Zikumveka ngati zongovutitsa ana asukulu eti, koma mitundu imeneyi inkasintha msanga ndiye akatswiri a miyala ndi ofufuza mafuta a pansi pa nthaka akaizindikira amadziwiratu zaka za mwalawo.

Ngati mukufuna kudzionera nokha musagumule khoma la eni ake chonde, pezani kachidutswa kotayidwa, kapaleni ndi sandipepala mpaka kasalale, nyowetsani ndi madzi nkuyang'ana ndi galasi lokuzira. Tomwe tadukira pakati tidzaonetsa kuzungulira kuja, mujambule pafupi mutiponyere pano tione makwinyawo.