Funsani Achimwene: Tikufuna kupanga ndalama yathuyathu pa blockchain, tiyambire pati?

FUNSO: Achimwene, ndimakhala ku Johannesburg, chaka chachisanu ndi chinayi tsopano. Tili ndi gulu la anthu akumudzi, tilipo 64, ndipo timasonkha mwezi ndi mwezi kuti wina akatisiya tizitha kunyamula thupi kupita kwathu. Ambirife timatumizanso kangachepe kunyumba, koma ndalama zimene amadula potumiza zimatiwawa. Mnyamata wina wa m'gulu lathu, amene anaphunzira zamakompyuta, akuti angatipangire stablecoin yathu pa blockchain, token imodzi izilingana ndi randi imodzi. Akuti ndi ntchito ya Loweruka limodzi basi. Tizigula ma token kwa msungichuma, n'kutumiza pa foni kwa abale, iwo n'kukasintha kukhala makwacha. Anthu asangalala kale, ena ayamba kukanganirana dzina. Ine ndine wapampando ndipo mtima sukukhazikika. Tiyambire pati? Wapampando, Johannesburg.

YANKHO: A wapampando, mnyamatayo sakukunamizani pa nkhani ya Loweruka. Ineyo ndinayesapo, tili ndi mphwanga patebulo la pabalaza, nyemba zili pamoto. Tinatenga smart contract, pulogalamu yoyendetsa ma token pa blockchain, yolembedwa kale ndi kampani ya OpenZeppelin, ya mtundu wa ERC-20 umene ma token ambiri a pa netiweki ya Ethereum amatsatira, tinasintha dzina n'kuikapo la galu wathu, kenako tinaiponya pa Sepolia, netiweki yoyeserera imene ndalama zake n'zoseweretsa. Nyemba zisanapse n'komwe token inali itabadwa.

Ndiye ndinati ndidzipatse ma token 1,000. Ndinalemba 1000, n'kudina. Nditatsegula wallet, pulogalamu yosungiramo ma token, ndinapeza ziro, kadontho, maziro ena 14, kenako 1 kumapeto kwenikweni. Mphwanga anaseka mpaka kutsamwa. Nkhani yake ndi yakuti contract sidziwa kadontho, imangowerenga timagawo ting'onoting'ono, ndipo ma token ambiri amagawidwa m'malo 18 kuseri kwa kadonthoko. USDT ya kampani ya Tether ndi USDC ya kampani ya Circle, ma stablecoin oimira dola ya America, pa Ethereum zili ndi malo 6 okha. Musaganize kuti amaphonya izi ndi ife a patebulo la pabalaza tokha. Mu Julayi 2019 kampani ya Tether, posamutsira ma token ake ku netiweki ina yotchedwa Tron, inkafuna kupanga 50 miliyoni koma inatulutsa 5 biliyoni chifukwa cha kadontho komweka, ndipo inachita kuwotcha owonjezerawo mwachangu.

Koma zimenezi n'zazing'ono. Chimene chakusowetsani mtendere, ngakhale simunachitchule, ndi china. Stablecoin ndi lisiti. Muganize za munthu amene wasungitsa thumba la chimanga kwa mwini sitolo, iye n'kumulembera kapepala. Kapepala kaja mutha kupatsa mlamu wanu, mlamu n'kupatsa wina, ndipo kadzayendabe bola onse akukhulupirira kuti tsiku lililonse akapita nako kusitolo adzatuluka ndi thumba paphewa. Blockchain, kaundula wa pa intaneti amene makompyuta ambiri amasunga limodzi, imangothandiza kuti kapepalako kasakopedwe ndiponso kuti aliyense aone kali m'manja mwa ndani. Siyang'ana m'nkhokwe. Choncho funso loyamba pa msonkhano wanu lisakhale dzina. Likhale lakuti: ma randi oimira ma token amenewa azikhala kuti, m'dzina la ndani, ndipo ndani aziwawerenga?

Ndikhala pang'ono pamenepa chifukwa apa ndi pamene anagwera akuluakulu. Tether, imene inayamba mu 2014 ndipo ndi yaikulu kuposa ma stablecoin onse, inkanena kuti token iliyonse ili ndi dola yake kubanki. Mu Okutobala 2021 bungwe la boma la America lotchedwa CFTC linailipiritsa madola 41 miliyoni chifukwa zinapezeka kuti nthawi zambiri sizinali choncho. USDC ya kampani ya Circle inali ndi mbiri yaukhondo, ndalama zake zinalipodi, koma madola 3.3 biliyoni mwa ndalamazo anali ku Silicon Valley Bank pamene bankiyo inagwa mu Marichi 2023. Kumapeto kwa sabata imeneyo USDC inatsika kuchepera masenti 90, ndipo inadzuka pokhapokha boma la America litalonjeza kuti onse osungitsa ndalama kubankiyo alandira zawo. Onani bwino apa: chimanga chinalimo, koma chitseko cha nkhokwe chitangokhomedwa kwa masiku awiri, kapepala kanayamba kuchepa mphamvu.

Yachitatu ndiyo imene ndimafuna mnyamata wanu aimve bwinobwino. TerraUSD inalibe nkhokwe ya madola. Inkadalira masamu ndi token inzake yotchedwa Luna, ndipo anthu ankakopeka ndi chiwongoladzanja cha pafupifupi 20 peresenti pachaka. Chikomekome cha mkuyu. Mu Meyi 2022 anthu atayamba kutulutsa ndalama zawo nthawi imodzi, zonse ziwiri zinagwa m'masiku ochepa, chuma cha pafupifupi madola 40 biliyoni n'kusungunuka. Mwini wake, Do Kwon, anakagwidwa ku Montenegro mu Marichi 2023. Wina akadzaimirira pa msonkhano n'kunena kuti ma randi a m'nkhokwe asamangogona, tiziwabwereketsa pakatapila kuti aswane, mudzakumbukire nkhani iyi. Ndalama ya lisiti imayenera kugona. Ndiyo ntchito yake.

Mwina m'gulu lanu muli ena amene anakhalako ku Harare kapena ku Bulawayo. Afunseni za ma bond note, ndalama za pepala zimene boma la Zimbabwe linatulutsa. Anatuluka mu Novembala 2016, boma likunena kuti imodzi ikulingana ndi dola imodzi ya America. Pamsewu anthu anayamba kuwagula motsika, ndipo pofika Febuluwale 2019 boma lenilenilo linasiya kunena kuti n'zofanana. Munalibe blockchain m'nkhani imeneyo, koma matenda ake ndi omwewa.

Tsopano za makiyi. Contract ya stablecoin imakhala ndi mphamvu zingapo zimene wina ayenera kuzigwira: kupanga ma token atsopano, kuwotcha amene abwezedwa, kuimitsa zonse pakachitika ngozi, ndipo nthawi zina kutseka wallet ya munthu. Tether ndi Circle zonse zili nayo mphamvu yotsekayi ndipo zimaigwiritsa ntchito. Ngati mnyamata wanu aponya contract kuchokera pa laputopu yake, mphamvu zonsezi zili pa mawu 12 kapena 24 a chinsinsi amene iye yekha akuwadziwa. Sindikuti ndi wakuba, simunandiuze choipa chilichonse cha iye. Koma laputopu imabedwa mu tekisi, munthu amadwala, amathamangitsidwa m'dziko, amayambana ndi komiti. Amayi a banki m'khonde anathana nalo kalekale vuto limeneli: bokosi limodzi, maloko atatu, makiyi kwa anthu atatu osiyana, ndipo wosunga bokosi alibe kiyi. Pa blockchain zimenezi amazitcha multisig, mwachitsanzo anthu atatu mwa asanu avomereze token iliyonse isanapangidwe. Komabe asanuwo asakhale a nyumba imodzi kapena osunga makiyi pa kompyuta imodzi. Mu Marichi 2022 akuba anapeza makiyi asanu mwa asanu ndi anayi a Ronin, mlatho wowolotsera ma token pakati pa ma netiweki awiri, n'kukokolola ndalama zoposa madola 600 miliyoni, ndipo panadutsa masiku asanu ndi limodzi eni ake asanazindikire.

Za kusankha netiweki sinditaya nthawi yambiri, mnyamatayo akuzidziwa. Ndingotchula chimodzi chimene achinyamata amaiwala chifukwa kwa iwo n'chachidziwikire. Kusuntha token kumalipiridwa, amati gas, ndipo salipira ndi token yanuyo ayi. Netiweki iliyonse ili ndi ndalama yakeyake: pa Ethereum amafuna ETH, pa Tron amafuna TRX. Ndiye taganizani azakhali anu ku Mangochi alandira ma token 500 pa foni. Akuwaona ndi maso, koma sangawatumize kwa wosintha ndalama chifukwa alibe TRX ngakhale imodzi. Akaigula kuti? Pali njira zoti gulu lizilipirira anthu gas, koma imeneyo ndi ntchito ina yapadera, yofunanso ndalama zake ndi munthu woiyang'anira usiku ndi usana. Onjezerani bandulo ya intaneti, foni yoti ikwanitse pulogalamuyo, ndi tsiku limene mdzukulu adzafufute pulogalamu kuti apeze malo a nyimbo, mawu a chinsinsi aja atalembedwa pa kapepala kamene kanayatsira mbaula.

Contract ikaponyedwa pa netiweki yeniyeni sibwezedwa ngati kalata yolakwika. Mu Novembala 2017 munthu wina anakhudza molakwika contract ya ma wallet a kampani ya Parity, ndipo ma ETH oposa 500,000 anatsekeka, palibe anawaba koma palibenso angawatulutse. N'chifukwa chake amene amachita izi mozindikira amayamba miyezi pa netiweki yoyeserera, kenako amalipira akatswiri ena, osati wolemba yemweyo, kuti afufuze zolakwika. Kufufuzako kokha kungadye ndalama zambiri kuposa zimene gulu lanu lingapulumutse potumiza m'zaka zingapo.

Ndafika pamene pali fupa. M'kalata yanu mwalemba kuti abale "n'kukasintha kukhala makwacha", ngati kuti ndi kungowoloka msewu. Akasintha kwa ndani? Pafunika munthu ku Lilongwe kapena ku Mzuzu wokhala ndi makwacha ambiri pa Airtel Money kapena Mpamba, wokonzeka kulandira token ya gulu la anthu 64 imene sangagulire ngakhale mchere. Iyeyo adzafuna ma randi ake enieni, ndiye kuti ndalama zija ziyenerabe kuwoloka malire, ndipo ma token sanachotse vutolo, angolisunthira pamutu pa munthu mmodzi. Adzafunanso phindu lake. Adzasintha pa mtengo uti, wa kubanki kapena wa pamsewu? Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Usiku ngati umenewo wina amapindula ndipo wina amalira, ndipo malamulo a gulu lanu ayenera kunena pasadakhale kuti wolirayo akhala ndani.

Ndipo malamulo a boma alipo mbali zonse ziwiri. Ku South Africa, bungwe loyang'anira zachuma la FSCA linalengeza mu Okutobala 2022 kuti ndalama za pa blockchain, zimene amati crypto, zili m'gulu la zinthu zachuma zoyang'aniridwa, ndipo wothandiza anthu kugula kapena kugulitsa amafunika chiphaso. Dziko limenelo silinaiwale za kampani yachinyengo ya Mirror Trading International, imene inagwa kumapeto kwa 2020 itameza bitcoin ya anthu miyandamiyanda. Kutulutsa ndalama kunja kuli ndi malamulo akenso. Kwathu kuno Reserve Bank of Malawi inachenjeza mu 2019 kuti ndalama za mtundu umenewu si ndalama zovomerezeka m'dziko muno, ndipo kusintha ndalama zakunja popanda chilolezo ndi mlandu. Ngakhale kumene amazilola, akumanga zingwe: ku Ulaya malamulo a MiCA okhudza ma stablecoin anayamba kugwira ntchito pa 30 Juni 2024, ku America lamulo la GENIUS linasainidwa mu Julayi 2025, ndipo onsewa akukakamira pa chinthu chomwe chija, nkhokwe yodzaza ndi ufulu wa munthu kubweza token n'kulandira ndalama yake. Inuyo monga wapampando, pamodzi ndi msungichuma, ndi amene mayina anu adzakhale patsogolo zikavuta, ndipo mukudziwa nokha mmene nkhani ya mapepala imakhalira kwa mlendo ku Joni.

Maganizo anga ndi awa. Ndalama za maliro musazikhudze, ngakhale randi imodzi. Mnyamatayo musamugwetse ulesi, ali ndi mutu wabwino. Mupatseni miyezi itatu pa netiweki yoyeserera, asankhe anthu khumi a m'gulu ndi abale awo khumi a kumudzi, makamaka achikulire, azitumizirana ma token oseweretsa. Alembe m'kope aliyense amene wasokonezeka, wataya mawu a chinsinsi, kapena waimba foni usiku. Pa msonkhano wotsatira abwere ndi kopelo, komanso dzina la munthu amene wavomera kupereka makwacha, ndi mtengo wake. Kenako muike pambali pake zimene amadula a Mukuru ndi ena ovomerezeka, muwerengere limodzi.

FUNSO: Achimwene, mlongo wanga wa ku Leeds ananditumizira USDT koma sinafike. Iye akuti kwake ikuonetsa kuti inapita. Yabedwa? Mayi wa ku Area 25, Lilongwe.

YANKHO: Mayi, mwina ayi. USDT imayenda pa misewu ingapo, ndipo wotumiza ndi wolandira ayenera kukhala pa msewu umodzi. Adiresi ya Tron imayamba ndi T, ya Ethereum imayamba ndi 0x. Chosokoneza n'chakuti ma netiweki ena, monga BNB Chain ndi Polygon, amagwiritsanso ntchito adiresi yoyamba ndi 0x, choncho ndalama imatha kufika pa adiresi yanu yomweyo koma pa netiweki imene simukuyang'anapo. Pemphani mlongo wanu akutumizireni nambala yaitali ya kutumizako ndi dzina la netiweki imene anasankha. Ngati wallet ndi yanuyanu, ya mawu a chinsinsi, nthawi zambiri mumangowonjezera netiwekiyo ndipo ndalama imaoneka. Ngati adiresi ndi ya kampani yosinthira, lemberani iwowo ndi nambala ija, ena amabweza atadula kenakake. Wina aliyense akakulemberani pa WhatsApp kuti akuthandizani bola mumupatse mawu 12 aja, mutsekeni pompo.