Kodi atate ndiwagulire foni yopinda? Yankho kwa mlongo wa ku Chadiza

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mlongo wathu wina amene amagwira ntchito ku Lusaka koma kwawo ndi ku Chadiza. Ndaifupikitsa pang'ono:

"Atate ndi achikulire ndipo amakhala kumudzi. Ndinawagulira foni ya tachi, koma ankavutika kuyankha chifukwa chala chawo sichinkagwira pagalasi, kenaka galasilo linasweka ali kudimba. Kafoni ka mabatani kamene ali nako tsopano kamaimba kokha m'thumba, ndipo talk time imene ndimawatumizira imatha asanalankhule ndi munthu. Mnzanga wandiuza za foni yopinda ija yotsegula ndi kutseka. Munalembapo kuti inu muli nayo. Kodi imalimba? Nanga mobile money ndi WhatsApp zimatheka?"

Mlongo wanga, zikomo polemba. Ine ndikuti agulireni. Mavuto awiri amene mwatchulawo, foni imeneyi imawathetsadi. Koma ili ndi malo amodzi pamene imafera, ndipo ndibwino muwadziwe ndalama isanatuluke m'chikwama.

Tiyambe tagwirizana za foni imene tikukamba. Masiku ano mukangonena kuti "flip" m'sitolo za ku Lusaka, wina akutulutsirani Samsung Galaxy Z Flip, imene inayamba kutuluka mu 2020. Imeneyo ndi foni ya tachi yomwe galasi lake lenilenilo limapindika, mtengo wake ndi woopsa, ndipo kwa atate ingabwezere vuto lakale lomwe lija. Tikukamba yakale ija: kumunsi mabatani, kumtunda galasi, pakati cholumikizira. Mtundu umenewu unatchuka ndi Motorola StarTAC mu 1996, kenaka Motorola Razr mu 2004, ndipo mpaka lero akupangabe. Nokia 2660 Flip, mwachitsanzo, inatuluka mu 2022, ndipo palinso zina zambirimbiri zotchipa za maina osadziwika zimene zadzaza m'matebulo a ku Kapata ndi ku Down Shops kuno ku Chipata.

Ubwino wake wonse uli pa kutsekako. Foni ikalira, mumangoitsegula ndipo mwayankha kale. Mukatha kulankhula, mumaitseka ndipo yadula. Palibe kufunafuna batani lobiriwira kapena lofiira, palibe kukhwekhwereza chala pagalasi. Kwa ife achinyamata izi zimaoneka zazing'ono, koma taganizirani mmene akuluakulu amamalizira nkhani pafoni. Amati "chabwino mwanangu, upite bwino," basi foni m'thumba, osadula. Ngati oimba anali iwo, talk time ikungopita, inu ku Lusaka mukumva kulira kwa unyolo wa njinga ndi moni wa anthu m'njira. Ndikuganiza kuti ndalama zanu zina zikuthera pamenepo, osati pa kuimba kokha kwa m'thumba ayi. Ndi foni yopinda, munthu sangailowetse m'thumba asanaitseke, ndipo ikatsekedwa mabatani onse abisika. Makiyi a njinga, ndalama zachitsulo, njere za mtedza, palibe chimene chingawadinde. Galasinso lili mkati, kotero ikagwa pansi chimene chimakalika ndi chikopa chakunja.

Za chala chija musawadzudzule atate. Galasi la foni ya tachi limamva kamagetsi kochepa kamene kali pakhungu la munthu, ndipo khungu likauma ndi kukhakhala chifukwa cha khasu, galasi silimva bwino. Batani lenileni lilibe tsankho limenelo. Mabatani a foni yopinda amakhalanso aakuluko kusiyana ndi a timafoni ta tochi tija, popeza theka lonse lakumunsi ndi lawo, ndipo ikatsegulidwa imatalika bwino moti kumtunda kumafika pakhutu, kumunsi pafupi ndi pakamwa. Munthu safuula.

Tsopano pofera pake. Mkati mwa cholumikizira chija mumadutsa kachingwe kopyapyala, kaphanthiphanthi, kamene amakonzi a mafoni amakatcha flex. Kameneka ndi kamene kamatenga mawu ndi zithunzi kuchokera kumunsi kupita kumtunda. Nthawi iliyonse mukatsegula ndi kutseka, kamapindika. Tsiku lina kamathyoka mkati, ndipo zizindikiro zake sizisowa: galasi limayera mbuu, kapena limaonetsa pokhapokha mwatsegula theka, kapena foni ikulira bwinobwino koma mukayankha simukumva mawu pakhutu. Yanga yoyamba inafa choncho. Mnyamata wokonza mafoni pamsika anaitsegula patebulo lake, timasikuluu ataika m'kachitsekerero ka botolo, n'kundionetsa kachingweko ndi nsonga ya singano. Kamng'alu kake kanali kochepa moti ndinachita kutsinzina diso limodzi kuti ndikaone. Anafufuza m'katoni yake ya mafoni akufa, osapeza kofanana nako. Foni yonse inali yamoyo, batire labwino, mabatani abwino, koma basi inathera pomwepo.

Apa ndiye pali kusiyana pakati pa foni ya dzina ndi foni yopanda dzina. Ya dzina lodziwika, wokonza akhoza kuitanitsa flex ku Lusaka kapena kuchotsa pa ina yakufa. Zotchipa zija chaka chino zabwera za mtundu wina, chaka chamawa zina, ndipo ziwalo zake sizipezeka. Ine ndimati kuli bwino kuwonjezera ndalama kamodzi. Komanso atate muwauze zinthu ziwiri: asamaitsegule moponya ndi chala chimodzi ngati mmene ankachitira anyamata masiku a Razr, ndipo adzukulu asamaisewere. Ana amaikonda kwambiri foni imeneyi chifukwa cha kaphokoso kotseka kaja, ndipo mwana mmodzi madzulo amodzi akhoza kuitsegula ndi kuitseka koposa mmene atate angachitire mwezi wathunthu. Fumbi nalonso ndi mdani. M'nyengo yomenya soya ndi kusenda mtedza, ndiponso m'mwezi wa Okutobala, limalowa m'cholumikizira n'kuyamba kukukuta. Kathumba kansalu kokhala ndi chingwe chokoleka m'khosi kamathandiza kwambiri, ndipo telala aliyense wa pa Chadiza boma akhoza kusoka ndi zotsala za chitenje.

Mobile money imatheka popanda vuto lililonse. Siifuna intaneti kapena ma bundle. Kaya ali pa Airtel kaya pa MTN, amangodinda *115# n'kutsatira manambala, monga amachitira pa kafoni kamene ali nako. Ndinganene kuti pamabatani m'posavuta kusiyana ndi pagalasi, chifukwa chala chimamva kuti chadinda kamodzi. Mauthenga a SMS nawonso amafika, kuphatikizapo aja a zipangizo zaulimi za FISP amene alimi amawadikira mvula isanayambe. Mfundo imene ndikufuna muisamale ndi ya sim. Ikhale yolembetsedwa pa NRC (chitupa cha boma) ya atate eni ake, osati ya mdzukulu kapena ya mnansi, chifukwa foni ikatayika, wobwezeretsa nambala ndi mwini NRC. Ndipo popeza mudzakhala mukutumiza ndalama pa nambala imeneyo, akumbutseni kuti PIN sapatsa munthu, ngakhale wa pa booth, ngakhale woimba wonena kuti ndi wa ku kampani. Aja otumiza uthenga wakuti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi" sasankha mtundu wa foni.

WhatsApp ndiye iwalani. Panali mafoni opinda ena, monga Nokia 2720 Flip ya mu 2019, amene ankayendera pulogalamu yotchedwa KaiOS ndipo WhatsApp inkagwira. Koma eni WhatsApp analeka kuthandiza KaiOS, ndipo mu 2025 inasiya kugwira pa mafoni amenewo. Nokia 2660 Flip ilibe WhatsApp chiyambire. Choncho wogulitsa akakuonetsani kachizindikiro kobiriwira pagalasi la foni yotchipa, muuzeni aike sim ndipo atumize uthenga inu mukuona. Kawirikawiri nkhani imathera pomwepo. Kodi atate aluzapo chiyani? Zithunzi za adzukulu, mauthenga a mawu, ndi gulu la banja lija lokambirana za maliro ndi maukwati. Zimenezo n'zenizeni, sindikuzichepetsa. Koma m'midzi yambiri simulephera kukhala mphunzitsi, mdzukulu kapena wa kumpingo amene ali ndi foni ya tachi, ndipo zithunzi zimafika kudzera mwa iyeyo. Foni ya atate ntchito yake ndi yakuti mukaimba ayankhe.

Kulemba uthenga ndiko kumatopetsa, ndisakunamizeni. Chilembo chilichonse chimabisala pansi pa nambala, ndipo muyenera kudinda kangapo kuti chituluke. Tengani "zikomo" yekha. Z ndi 9 kanayi, i ndi 4 katatu, k ndi 5 kawiri, kenaka o, m, o onse ali pa 6, moti mumadinda katatu, n'kudikira, kamodzi, n'kudikira, katatunso. Mukafulumira mumatuluka zinthu zosawerengeka. Ndiponso mafoni ambiri amabwera atayatsa kale kolosera mawu a Chingerezi, kamene kamasandutsa Chinyanja chathu kukhala zopanda mutu. Muzimitse musanawapatse. Ine kuyambira pamene ndinabwerera ku foni yotere ndimalemba pang'ono, ndimaimba kwambiri, ndipo anzanga ena amadandaula kuti ndimayankha mauthenga awo ndi liwu limodzi. Atate sindikhulupirira kuti izi ziwavuta. Akuluakulu ambiri amawerenga uthenga, salemba.

Batire ndi nkhani yabwino. Limakhala masiku angapo osatchaja, chifukwa foniyi ilibe zambiri zodya moto, ndipo ikatsekedwa galasi lalikulu limazima. Mu 2024, chilala chitachepetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi ankazima maola ambiri patsiku, anzanga a mafoni a tachi ankayenda ndi matchaja m'matumba kusaka pamene pali jenereta, ine ndinkangotchaja usiku umene magetsi abwera. Kumudzi kasola kakang'ono kamakwanira. Ngati atate amatchajitsa kugolosale, lembani chizindikiro pa batire ndi penti ya m'zikhadabo, chifukwa batire la mafoni awa limachoka ndipo kusinthanitsidwa ndi lakutha kumachitika. Yang'ananinso pobayira tchaja. Sankhani ya micro USB kapena Type-C, imene chingwe chake chimapezeka paliponse, osati ya kamsomali kakekake kamene kakatayika mudzasaka mpaka ku Lusaka.

Pali china chimene anthu a m'malire amachidziwa koma a ku Lusaka amaiwala. Chadiza, Vubwi ndi madera a kufupi ndi Mwami ali pafupi ndi Malawi kapena Mozambique, ndipo malo ena foni imatha kugwira netiweki ya kutsidya yokha. Zikatero imakhala ngati munthu watuluka m'dziko, ndipo kuimba kumakwera mtengo kapena kumakanika. Lowani m'ma settings, posankha netiweki muchotse pa automatic muike pa manual, n'kusankha ya kuno kwathu. Ngati foni ili ya ma sim awiri, n'kwabwinonso, popeza mudzi wina umagwira bwino MTN, wina Airtel, wina Zamtel, ndipo atate amadziwa kale chulu kapena mtengo umene amaimapo akafuna kuimba.

Wailesi musaiwale kuyesa. Kwa munthu wa kumudzi, kumvera Breeze FM kapena Radio Maria ali kumunda ndi gawo lalikulu la ntchito ya foni. Mafoni ena wailesi imalira pokhapokha mwabaya mahedifoni, chifukwa chingwe chake ndicho chimakoka siteshoni, pomwe ena imalira yokha. Kwa atate sankhani yolira yokha. Mahedifoni satha sabata kumudzi. Tochi nayonso muione ngati ilipo, chifukwa si foni zonse zopinda zili nayo, ndipo munthu amene anazolowera kuunikira nayo popita kukhola usiku adzaisowa.

Musanaitumize pa basi, ikonzeni nokha. Lembani maina ndi zilembo zazikulu, ndipo muwalembe mmene atate amaitanira anthuwo, osati maina a pa NRC. Ikani nambala yanu pa speed dial, kuti akadinda 2 n'kugwiritsa, iziimba kwa inu, 3 kwa achimwene anu, choncho. Kwezani kulira kufika pamapeto. Onani ngati kuyankha potsegula kuli koyatsa, chifukwa mafoni ena amabwera kuli kozimitsa ndipo ubwino wonse ndafotokoza uja umakhala palibe. Ngati foniyo ili ndi kagalasi kakang'ono kunja, atate adzaona woimba asanatsegule, zimene zimathandiza masiku amene munthu sakufuna kulankhula ndi wangongole. Nokia 2660 Flip ilinso ndi batani lapadera loimbira achibale pangozi, ndipo manambala ake mumaikamo nokha.

Pogula, itsegulenitu ndi kuitseka m'sitolo momwemo. Cholumikizira chisagwedere, theka lakumtunda lisapendekeke, ndipo galasi lisaphethire pamene mukutsegula pang'onopang'ono. Imbirani munthu, mumve mawu pakhutu ndi pa sipika. Tengani lisiti. Kafoni kakale kaja atate asakataye kapena kupatsa mdzukulu. Akasunge m'sutikesi pamodzi ndi tchaja yake, kuti tsiku limene flex idzathyoke adzangosamutsa sim, inu mukusaka ina.