Kodi Egypt ili ku Africa kapena ku Asia?

Mayi wina amene amaphunzitsa kupulayimale wanditumizira imelo. Akuti mwana wina m'kalasi mwawo anaimika mkono n'kufunsa ngati n'zoona kuti dziko la Egypt lili ku Africa komanso ku Asia, ndipo mayiwo akufuna kudziwa pamene pali malire.

Mayi, mwanayo wanena zoona, ndipo mumuyamikire. Mbali yaikulu ya Egypt, Iguputo wa m'Baibulo uja, ili ku Africa kuno. Koma kum'mawa kwake kuli chigawo cha Sinai, chokwana masikweya kilomita pafupifupi 60,000, ngati theka la Malawi, ndipo chimenechi chili ku Asia. Malire ake ndi ngalande ya Suez, imene anthu anakumba ndipo inatsegulidwa mu 1869. Ndi yotalika makilomita 193, ndipo imalumikiza nyanja ya Mediterranean ndi Nyanja Yofiira. Kufunika kwake tinakuona mu Malichi 2021, sitima ya Ever Given itapingasa m'ngalandemo masiku asanu ndi limodzi, sitima mazanamazana n'kuima ndi katundu.

Ku Sinai n'kouma, kwamiyala ndi mapiri. Phiri lalitali kuposa onse ku Egypt, la Catherine, lili komweko, mamita oposa 2,600, kucheperako kwa Sapitwa. Anthu ndi ochepa: Abedouin oweta mbuzi ndi ngamila, komanso ogwira ntchito m'mahotela a ku Sharm el-Sheikh. Israel analanda chigawochi pa nkhondo ya 1967 n'kudzachibweza mu 1982.

Koma mayi, ndikanakhala ine m'kalasimo, sindikanachedwa pa Suez. Malire amene amalamulira moyo wa anthu ku Egypt ndi a pakati pa dothi lakuda ndi mchenga. Kum'mwera, chakufupi ndi Luxor, munthu akhoza kuponda phazi limodzi m'munda wa nzimbe, linalo m'chipululu. Pamene madzi a m'ngalande zothirira alekezera, msipu nawonso walekezera pomwepo. Makolo awo akale ankatcha dzikoli Kemet, kutanthauza nthaka yakuda, dothi limene mtsinje wa Nile unkasiya ukasefukira chaka ndi chaka. Lero anthu apitirira 100 miliyoni, ndipo pafupifupi 95 mwa 100 alionse athithikana m'mbali mwa mtsinjewu ndi kumathiriro ake. Dziko lonse lotsalalo ndi chipululu.

Ndiye muwafunse anawo kuti madziwo achokera kuti, popeza ku Cairo mvula imagwa mwa apo ndi apo. Achokera mkati mwa Africa. Blue Nile amatuluka m'nyanja ya Tana ku Ethiopia, White Nile amachokera ku nyanja ya Victoria, n'kukumana ku Khartoum. Damu la Aswan, lomwe lili pa Nile kum'mwera kwa Egypt ndipo linamalizidwa mu 1970, linathetsa kusefukira kuja, koma dothi lachonde tsopano limatsalira m'nyanja ya Nasser ya kuseri kwa damulo, alimi n'kumadalira feteleza. Popeza madzi ake amachokera kunja, Egypt inada nkhawa kwambiri Ethiopia itayamba kumanga damu lake lalikulu pa Blue Nile mu 2011.

Ena amati anthu a ku Egypt si anzathu chifukwa amayankhula Chiarabu ndipo likulu la Arab League, bungwe la mayiko oyankhula Chiarabu, lili ku Cairo. Zimenezi ine zimandiwawa. Tili nawo limodzi mu African Union ndi mu COMESA, ndipo chikho cha mpira cha Africa atenga kasanu ndi kawiri, kuposa dziko lina lililonse.

Mawa mukalowa m'kalasi, mujambule Nile pabolodi ndi choko chobiriwira, anawo aulondole ndi chala kuchokera ku nyanja ya Mediterranean kukafika ku Uganda.