Kodi njira ya ulendo wa ngwazi ingathandize ophunzira kuzukuta nkhani?

FUNSO: Ndimaphunzitsa Chichewa pa sukulu ina ya sekondale. Ophunzira anga a Fomu 3 akawerenga nkhani amatha kuifotokoza bwino kuchokera poyambira mpaka pothera, koma ndikawauza kuti aizukute amangoti kukamwa yasaa. Mnzanga wophunzitsa Chingerezi wanditchulira njira ya ulendo wa ngwazi. Kodi njirayi ndi yotani, ndipo ingagwire ntchito pa nthano zathu? Mphunzitsi, Dedza.

YANKHO: Aphunzitsi, njirayi inatchuka ndi Joseph Campbell wa ku America, yemwe m'chaka cha 1949 anatulutsa buku lotchedwa The Hero with a Thousand Faces. Iye atayerekeza nthano za mitundu yambiri ya anthu, ananena kuti zochuluka zimayenda mofanana: mpangankhani wamkulu amachoka kwawo, amalowa m'mayesero kumalo achilendo, kenako amabwerera atasintha ndiponso atatenga chinthu chothandiza anthu ake. Campbell anagawa ulendowu m'masitepe 17, ndipo Christopher Vogler, yemwe ankalangiza olemba mafilimu, anawachepetsa kukhala 12 m'buku lake la mu 1992. Ine sindikukulangizani kuti mulembe masitepe onsewa pabolodi, chifukwa ophunzira adzangowaloweza monga amachitira ndi notsi zina, ndipo vuto lanu lidzakhala lomwelo.

Yambani ndi magawo atatu okha, omwe ndi kuchoka, kuyesedwa ndi kubwerera. Magawowa si achilendo kwa mwana wa ku Dedza, pakuti Campbell anawaona mu miyambo ya chinamwali ya anthu osiyanasiyana, yomwe katswiri wa chikhalidwe cha anthu, Arnold van Gennep, anali atailongosola kale mu 1909. Namwali amachotsedwa pakati pa anzake, amakalandira mwambo kutsimba m'manja mwa anamkungwi, ndipo potuluka mudzi umamulandira ngati munthu wamkulu. Ophunzira akamvetsa zimenezi, apatseni mafunso oti ayankhe kuchokera m'nkhani yomwe awerenga. N'chiyani chamutulutsa mpangankhani pakhomo, ndipo wapita mofuna kapena mokakamizidwa? Ndani wamulangiza m'njira? Ndi pati pamene zinthu zinafika poipitsitsa? Wabwerako ndi chiyani, nanga wapindula nacho ndani? Funso lomalizali ndilo lofunika kwambiri, chifukwa nthawi zambiri yankho lake limakafikitsa ophunzira pa mfundo yaikulu ya nkhaniyo.

Chitsanzo chomwe chimagwirizana bwino ndi njirayi ndi mbiri ya Sundiata Keita wa ku Mali, yemwe ali mwana ankalephera kuyenda, anathawira kudziko la eni pamodzi ndi mayi ake, kenako anabwerera n'kugonjetsa mfumu Soumaoro Kanté pa nkhondo ya ku Kirina cha m'ma 1235. Mukatha pamenepo, apatseni nkhani yomwe akuidziwa kale koma yosagwirizana kwathunthu ndi dongosololi. Yosefe wa m'Baibulo anagulitsidwa ndi abale ake, anavutika m'ndende ku Iguputo, anakwezedwa pa udindo n'kupulumutsa banja lake ku njala, komatu sanabwerere kukakhala ku Kanani. Abale ake ndiwo anamutsatira. Ophunzira akambirane m'magulu kuti kusabwereraku kukusintha chiyani pa tanthauzo la nkhaniyo.

Pa nthano zathu m'pamene muyenera kusamala kwambiri. Akatswiri ambiri a nthano anamudzudzula Campbell kuti ankasankha nkhani zokhazo zogwirizana ndi maganizo ake, ndipo Maureen Murdock analemba buku mu 1990 posonyeza kuti ulendo wa mpangankhani wamkazi umayenda mwamtundu wina. Kalulu sasintha khalidwe ngakhale pang'ono: amakana kukumba chitsime, amapusitsa alonda n'kumwa madzi, ndipo mu nthano yotsatira amayambiranso ukathyali womwewo. Kamdothi amachoka pakhomo atachenjezedwa za mvula, koma amasungunuka asanafike kwa mayi ake. Wophunzira amene angakakamize nthano ziwirizi kulowa m'magawo atatu aja adzalemba zabodza, pamene amene angaone kuti Kamdothi alibe gawo la kubwerera, n'kufotokoza zomwe wokamba nthanoyo ankafuna kuphunzitsa pothetsa nkhaniyo momvetsa chisoni chotero, wayamba kuzukuta.

Chinanso n'chakuti njirayi imaunika makamaka tsatanetsatane wa zochitika ndi kusintha kwa mpangankhani wamkulu. Siikuthandizani pa malo ndi nthawi, pa zining'a ndi miyambi, kapena pa nyimbo zomwe zimakometsa nthano, ndipo pa ndakatulo zambiri musaigwiritse ntchito n'komwe. Muwakumbutsenso ophunzira anu kuti pa mayeso a MSCE dzina la Campbell silidzawapatsa malikisi. Wochonga mayankho amafuna mfundo yomveka pamodzi ndi umboni wochokera m'buku lomwe lafunsidwa.