Bangwe wanga, ukwati wa ku Chilomoni, ndi funso la achemwali a ku Zingwangwa

Achemwali ena a ku Zingwangwa andilembera imelo kufunsa ngati ayenera kumayimba nyimbo zamakolo zimene iwo amazikonda, kapena zimene anthu amaitanitsa pa zochitika. Funsoli landitokosa pachilonda, chifukwa inenso zinandionekera.

Tsiku lina ndinaitanidwa kukayimba pa madyerero a ukwati ku Chilomoni, ndipo ndinanyamula bangwe wanga wa nsambo zisanu ndi ziwiri, amene ndinamulowetsa m'chitini kuti mawu ake azimveka patali. Ndinayamba ndi nyimbo yodandaula imene ndinaphunzira kwa agogo anga ku Thyolo. Apo n'kuti amayi atafumbata kale ndalama za perekaniperekani, miyendo ikuwayabwa, moti ndisanafike n'pakati pomwe, woyendetsa mwambo anandilanda chimkuzamawu mwaulemu nauza mnyamata wa zimbale kuti aike nyimbo yovinika. Ndinabwerera kunyumba ndikung'ung'udza kuti anthu a m'tauni anataya chikhalidwe.

Lero ndikuvomereza kuti wolakwa ndinali ineyo. Agogo sankayimba nyimbo imeneyo pa ukwati, koma pakhonde madzulo anthu atadya, ndipo kumudzi aliyense amadziwa kuti nyimbo ya pamtondo ili ndi malo ake, ya pamaliro ilinso ndi ake. Komanso nyimbo zathu zambiri zimafuna woyambitsa ndi ovomereza, choncho woyimba amene wasankha nyimbo yopanda womuvomera ndiye kuti wayimba theka lokha.

Ndimadabwanso ndi anzanga amene amaumirira kuti chikhalidwe sichisintha. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka, amene Gerhard Kubik, katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, anakumana nawo mu Blantyre muno mu 1967, ankayimba kwela yochokera ku Joni, pomwe Allan Namoko anatchuka ndi banjo, chida chimene makolo athu akale sankachidziwa. Onsewa ankayimbira anthu wamba, ndipo lero palibe amene amakayika kuti nyimbo zawo ndi zathu.

Koma pali chinthu chimodzi chimene sindigonjerapo ngakhale andilonjeze ndalama zingati, ndicho kukunga nsambo za bangwe kuti zigwirizane ndi kiyibodi. Makungidwe amenewo ndiwo mawu ake enieni a bangwe, ndipo mukawasintha mumatsala ndi gitala yosalongosoka. Wa kiyibodiyo ndiye ayambe wakhala chete.

Tsono yankho langa, achemwali

Musanavomere ntchito, funsani eni mwambo kuti kudzakhala anthu otani. Yambani ndi nyimbo ziwiri zimene iwo amazidziwa, ndipo yachitatu ikhale yakumtima kwanu, koma muyambe mwawaphunzitsa mawu ovomerezera. Zodandaula zija muzisungire madzulo amene anthu abwera kudzakhala pansi n'kumvetsera, monga zimakhalira ku Jacaranda Cultural Centre, malo a zaluso a mu Blantyre muno.